Mmene mungakonzere ulendo wokasewera pa mafunde aang'ono pachilumba m'nyengo yotentha

Anthu ambiri amatsika ndege pachilumba atanyamula bolodi (thabwa loyandama limene amaimapo pokwera funde) lalifupi limene analizolowera, n'kupeza mafunde ofika m'mawondo kapena m'chiuno basi. Amapalasa ndi manja atagona pabolodi mpaka mapewa kuwawa, funde n'kumangowadutsa pansi, ndipo pofika tsiku lachitatu amayamba kudandaula kuti ulendo wawonongeka. Chimene chawagwetsa n'chodziwika. Funde likachepa msinkhu ndi theka, mphamvu yake imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho bolodi limene limathamanga pa funde la mamita awiri silingakunyamuleni pa funde la masentimita 60. Mafunde aang'ono amafuna bolodi lalikulu, nthawi yosankhidwa bwino, ndiponso kuyamba kupalasa msanga.

Malangizowa ndi a munthu amene amatha kusambira. Ngati simungasambire mamita 200 osapuma m'madzi akuya, yambani mwaphunzira zimenezo kaye.

Zofunika kukhala nazo

- Bolodi lalitali, la mafiti 8 mpaka 9 ndi theka. Amene mwangoyamba kumene tengani la pamwamba pofewa.
- Zingwe ziwiri za pamwendo, chilichonse chotalika mofanana ndi bolodi, komanso tizingwe tiwiri tomangira chingwecho kubolodi.
- Zipsepse zomangidwa kunsi kwa mchira wa bolodi, kiyi wake, ndi timasikuluwu tapadera.
- Phula lopaka pabolodi kuti mapazi asaterere: chidutswa chimodzi cholimba choyalira pansi, ndi zidutswa zitatu zogwirizana ndi kutentha kwa madzi a kumene mukupita. Onjezani chipeso chokandira phula.
- Chikwama cha bolodi chokhala ndi siponji yokhuthala mamilimita 10.
- Malaya othina a m'madzi a manja aatali, awiri.
- Nsapato zopyapyala za m'madzi ngati pansi pali matanthwe.
- Mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 50 osachoka msanga m'madzi, ndi mafuta a zinc a kumaso.
- Guluu wokonzera bolodi wouma ndi dzuwa, sandipepala ndi tepi yosalowa madzi.
- Mankhwala otsukira mabala, mabandeji osalowa madzi ndi kopanira kozulira minga.
- Inshuwalansi ya paulendo imene yatchula masewera a pamafunde mwachindunji.

1. Sankhani chilumba, kenako sankhani mbali yake

Mafunde akuluakulu amabadwa ku mikuntho ya m'nyengo yozizira, kutali kwambiri pakati pa nyanja. Nyengo yotentha ikafika mikunthoyo imachepa, ndipo gombe limene linkalandira mafunde ake limagona. Kumpoto kwa dziko lapansi nyengo yotentha ndi Juni mpaka Ogasiti, pamene kum'mwera ndi Disembala mpaka Febuluwale.

Dzina la chilumba palokha silikuuzani kanthu. Funsani kuti gombelo layang'ana kuti. Pachilumba cha Oahu ku Hawaii, gombe la kumpoto, lotchuka ndi mafunde oopsa m'nyengo yozizira, nthawi zambiri limakhala bata m'miyezi yotentha. M'miyezi yomweyo gombe la kum'mwera, ku Waikiki, limalandira mafunde ochokera ku mikuntho ya kutali kum'mwera kwa nyanja ya Pacific, ndipo amafika ali ofatsa, oyenda mtunda wautali asanathe. Ku Lanzarote, chimodzi mwa zilumba za Canary, gombe la mchenga la Famara limakhala ndi mafunde ocheperako m'nyengo yotentha, koma mphepo ya kumpoto chakum'mawa imawomba kwambiri. Ku Sri Lanka, Arugam Bay ya kum'mawa imakhala bwino kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala, pamene Weligama ya kum'mwera imakhala bwino kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo.

Chenjezo: musaganize kuti chilumba chilichonse chotentha chimakhala ndi mafunde aang'ono mu Julayi. Ku Bali miyezi imeneyi ndi imene gombe la kumadzulo limalandira mafunde amphamvu.

Fufuzaninso kuti pansi pamadzi pali chiyani. Mchenga ndi wabwino kwa ongoyamba, ngakhale kuti malo amene funde limaswekera amasinthasintha. Matanthwe amapanga funde losweka malo amodzimodzi tsiku lililonse, koma amacheka. Pomaliza, pezani malo ogona amene mungayende wapansi kukafika kugombe, chifukwa nthawi yabwino imakhala yochepa ndipo imabwera m'mamawa kwambiri.

2. Werengani ulosi wa mafunde moyenera

Masamba a pa intaneti monga Surfline ndi Windy amasonyeza manambala angapo. Ambiri amangoyang'ana msinkhu wa funde n'kutseka foni. Yang'anani zinayi izi pamodzi.

Choyamba ndi msinkhu. Pa ulendo ngati uwu, mafunde a masentimita 50 mpaka mita imodzi ndi okwanira.

Chachiwiri, chomwe n'chofunika kwambiri mafunde akakhala aang'ono, ndi masekondi amene amadutsa pakati pa funde lina ndi linzake. Masekondi 6 kapena 7 akutanthauza mafunde opangidwa ndi mphepo ya pafupi: amabwera mothinana, mosalongosoka, ndipo amatha mphamvu msanga. Masekondi 12 kapena kuposerapo akutanthauza mafunde amene ayenda ulendo wautali. Pakati pa nyanja yakuya, mafunde a masekondi 8 amatalikirana mamita pafupifupi 100, pamene a masekondi 14 amatalikirana mamita oposa 300. Funde lotere limasuntha madzi ambiri, ndipo likafika posaya limadzuka n'kukula kuposa mmene nambala ya msinkhu inasonyezera. Tsiku la masentimita 60 pa masekondi 14 limaposa tsiku la mita imodzi pa masekondi 6.

Chachitatu ndi kumene mafunde akuchokera. Pachilumba zimenezi n'zazikulu, chifukwa chilumbacho chimatchinga chokha. Mafunde ochokera kum'mwera safika pagombe loyang'ana kumpoto. Tsegulani mapu muone ngati pali phiri lolowa m'nyanja kapena chilumba china chotchinga njira.

Chachinayi ndi mphepo. Mphepo yochokera kumtunda kupita kunyanja imasalaza funde ndi kulichedwetsa kusweka. Mphepo yochokera kunyanja imaliphwanya lisanapangike bwino, ndipo funde laling'ono silichedwa kugonja.

Chenjezo: ulosi wa masiku opitirira asanu kutsogolo umasintha kwambiri. Musasinthe matikiti chifukwa cha zimene mwaona kutatsala milungu iwiri. Dziwaninso kuti ku Hawaii anthu ambiri amatchula msinkhu wa funde mochepetsa, mwina theka la mmene likuonekera kutsogolo kwake, ndiye akanena kuti ndi mafiti atatu musadabwe kulipeza likukuposani msinkhu.

3. Sankhani bolodi loyandama bwino

Mabolodi ambiri amalembedwa kukula kwake m'malita. Ngati mwangoyamba, malita akhale ofanana ndi kulemera kwanu m'makilogalamu kapena kuposa: munthu wa makilogalamu 75 afune bolodi la malita 75 kupita m'mwamba. Longboard (bolodi lalitali) ya mafiti 9, omwe ndi mamita pafupifupi 2.7, nthawi zambiri imakhala ya malita 65 mpaka 80. Ngati mumatha kale kukhota, bolodi la mafiti 7 mpaka 8 la malita 45 mpaka 60 likhoza kukukwanirani pa mafunde ofika m'chiuno, koma pa mafunde ofika m'mawondo lalitali lija ndi limene limapambana.

Chifukwa chake n'chofanana ndi cha bwato: lalitali limatsetsereka pamadzi mosavuta kuposa lalifupi. Bolodi lalitali limafika pa liwiro la funde ndi mapalaso ochepa, ndipo limakulolani kuligwira funde lisanayambe n'komwe kusweka.

Litembenuzeni bolodi muliyang'ane cham'mbali. Ngati lapindika kwambiri kuchokera kumphuno mpaka kumchira, linapangidwira mafunde otsetsereka kwambiri, ndipo pa mafunde aang'ono limangokankha madzi. Funani lowongoka pansi, lotambalala mainchesi 22 kapena 23, lokhala ndi mchira wotambalala.

Ganizirani bwino ngati m'pofunikadi kunyamula lanu. Pa ulendo wa sabata imodzi wopita kugombe lodziwika, kubwereka bolodi komweko n'kwanzeru, chifukwa mukhoza kusintha malinga ndi tsiku. Pobwereka, jambulani bolodi mbali zonse pamaso pa mwini wake, dinani m'mphepete mwake kuti mumve ngati pali pofewa kapena pong'aluka, ndipo kokani chingwe mwamphamvu muone ngati chili ndi ming'alu pafupi ndi polumikizira.

4. Longedzani bolodi ngati mukunyamula lanu

1. Musanagule tikiti, funsani kampani ya ndege malire a kutalika ndi kulemera kwa bolodi, ndipo yankho likhale lolembedwa. Ambiri amaika malire a makilogalamu 23, koma pa kutalika amasiyana kwambiri. Ndege zing'onozing'ono zoyenda pakati pa zilumba nthawi zina sizilola bolodi la mafiti 9, choncho funsani za ndege iliyonse ya paulendowo, kapena za sitima ya pamadzi ngati ilipo.
2. Chotsani zipsepse zonse ndi chingwe. Mangani timasikuluwu ndi kiyi m'kathumba kamodzi.
3. Palani phula lonse lakale. Likasungunuka m'chikwama limamatirira paliponse.
4. Vekani m'mphepete monse mwa bolodi siponji yokutira mapaipi, n'kuimata ndi tepi. Tepiyo isakhudze bolodi lenilenilo.
5. Kutani mphuno ndi mchira ndi katoni kapena matawulo. Malo awiri amenewa ndi amene amasweka kawirikawiri.
6. Tsekani chikwama n'kuchigwedeza. Ngati bolodi likusuntha m'kati, tsekani mipatayo ndi zovala.

Chenjezo: musaike zinthu zolimba, monga nsapato kapena mabotolo, pamwamba kapena pansi pa bolodi. Katundu wina akasanjikidwa pamwamba, zinthuzo zimadinda bolodi. Mukalandira chikwama pabwalo la ndege, tsegulani pomwepo. Kudandaula mutatuluka kale sikuthandiza kwenikweni.

5. Konzani bolodi tsiku lofika

Yambani ndi zipsepse. Ngati bolodi lili ndi chipsepse chimodzi chapakati, lamulo losavuta ndi inchi imodzi pa fiti iliyonse: bolodi la mafiti 9, chipsepse cha mainchesi pafupifupi 9. Mukachisunthira kutsogolo m'ngalande yake, bolodi limakhota mosavuta. Mukachisunthira kumbuyo, limakhazikika ndi kuyenda mowongoka. Yambirani pakati. Mangani masikuluwu mpaka agwire, osapitirira, chifukwa mazinga ake ali m'pulasitiki ndipo sachedwa kuperepeseka.

Kenako chingwe. Kachingwe kakang'ono komangira kakhale kafupi, kuti lamba wotambalala wa chingwecho ndi amene azikhudza m'mphepete mwa mchira. Kakatalika, funde likakoka bolodi kachingweko kamacheka mchira.

Phula lili m'magulu malinga ndi kutentha kwa madzi. Madzi oposa madigiri 24, ngati a ku Hawaii ndi Sri Lanka, amafuna phula lolimba la madzi otentha. Madzi a madigiri pafupifupi 19 mpaka 24, ngati a ku Canary m'nyengo yotentha, amafuna lofewerapo pang'ono. Phula la madzi ozizira limasungunuka m'madzi otentha ndipo phazi limaterereka. Pakani muli pamthunzi. Yambani ndi lolimba loyalira pansi, mukujambula mizere yopingasana mosadinikiza, mpaka timabampu tiyambe kuoneka. Kenako pakani lapamwamba mozungulirazungulira. Pa bolodi lalitali pakani kuchokera kumchira mpaka kumphuno, chifukwa mudzayenda pabolodi lonselo. Mabolodi ambiri a pamwamba pofewa amangofuna phula lochepa.

6. Sankhani ola, ndipo yang'anani nyanja musanalowe

M'malo ambiri nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50. Kuchoka pa kuphwa kufika pa kudzaza pamatenga maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawiyi imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, madzi amakwera kwambiri ndi kutsika kwambiri. Kusiyanaku kumadalira malo: ku Hawaii sikufika mita imodzi, pamene pachilumba cha Jersey, pafupi ndi France, kumatha kufika mamita 12.

Funde limasweka likafika pamadzi akuya pang'ono kuposa msinkhu wake. Funde la masentimita 60 limasweka pamene madzi ndi akuya masentimita pafupifupi 80. Ndiye madzi akadzaza kwambiri, funde laling'ono limadutsa pamwamba pa milu ya mchenga osasweka, n'kukangophulika pagombe penipeni, pomwe simungalikwere. Madzi akaphwa kwambiri, nthawi zambiri limasweka lonse kamodzi kuchokera uku mpaka uko. Pa magombe ambiri a mchenga, nthawi yabwino ndi pamene madzi ali pakatikati ndipo akukwera. Gombe lililonse lili ndi khalidwe lake, choncho funsani opulumutsa anthu pagombe kapena obwereketsa mabolodi.

Mphepo nayo ili ndi nthawi. Usiku mtunda umazizira, ndipo m'mamawa mphepo imakhala yochepa kapena imachokera kumtunda. Dzuwa likakwera mtunda umatentha, mpweya wa kunyanja n'kuyamba kuthamangira kumtunda. Lowani m'madzi kukangocha. Nthawi zina mphepo imagonanso dzuwa likamalowa.

Mukafika pagombe khalani mphindi 15 mpaka 20 mukungoyang'ana. Mafunde abwino amabwera m'magulu, ndipo masiku a mafunde ochokera kutali pamatha kudutsa mphindi 10 gulu lina lisanabwere. Onani pamene akuyambira kusweka, mbali imene akupita, pamene anthu akulowera, ndi pamene pali miyala. Onaninso mbendera. M'mayiko ambiri pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu ndi pa osambira okha, za timabokosi takuda ndi toyera ndi za mabolodi, ndipo yofiira yokha ikutanthauza kuti musalowe.

7. Palasani ndi kugwira funde

Mangani chingwe pakakolo pa mwendo umene umakhala kumbuyo mukaimirira. Polowa, bolodi likhale pambali panu, mphuno italoza kunyanja. Likakhala chopingasa patsogolo panu, ngakhale funde laling'ono limalimenyetsa kumaso kwanu. Pamchenga wa madzi ofunda yendani mokhwekhwereza mapazi kuti nsomba zaululu zobisala mumchenga zithawe musanaziponde.

Gonani pabolodi moti mphuno yake ituluke m'madzi masentimita pafupifupi 5. Apa ndi pamene ambiri amalephera. Chifukwa choopa kuti mphuno imira, amagona kumbuyo kwambiri, mchira n'kumira, bolodi n'kumakankha madzi. Sunthirani kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mumve bolodi likutsetsereka. Miyendo ikhale pamodzi, mapazi kunja kwa madzi, chifuwa chodzuka.

Thovu laling'ono likamabwera pamene mukupita kunyanja, dinani manja pabolodi n'kudzutsa thupi kuti madzi adutse pakati pa inu ndi bolodi. Likakhala lalikulu, gwirani m'mbali mwa bolodi n'kutembenuka nalo chagada, funde lidutse pamwamba.

Mukafika kuseri kwa pomwe mafunde akuswekera, khalani tsonga pabolodi. Sankhani chizindikiro kumtunda, monga mtengo ndi nyumba ya kumbuyo kwake, kuti muzidziwa ngati madzi akusunthani. Pogwira funde tsatirani izi:

1. Tembenukani msanga, funde likadali mamita 10 kapena 15 kumbuyo.
2. Yambani ndi mapalaso aatali, akuya, dzanja likulowa patsogolo n'kutuluka cha m'chiuno. Kumenyamenya madzi mofulumira sikuyendetsa bolodi.
3. Yang'anani kumbuyo kamodzi kapena kawiri kuti muone mbali imene funde likuswekera, n'kulozetsa mphuno pang'ono mbali imeneyo.
4. Mukamva mchira ukunyamuka, tsitsani chibwano pafupi ndi bolodi kuti kulemera kupite kutsogolo.
5. Onjezani mapalaso awiri kapena atatu ngakhale mukuona ngati mwaligwira kale.

Chenjezo: mfundo yachisanuyi ndi imene imasiyanitsa okwera ndi otsala. Funde laling'ono limanyamula mchira lisanakutengeni, ndipo amene amaimirira pa nthawi imeneyo amatsala ataima pamadzi osayenda. Ngati mphuno ikumira nthawi zonse, musathamangire kusunthira kumbuyo. Kawirikawiri vuto limakhala loti mwachedwa kuyamba kupalasa ndipo funde lakupezani litawongoka kale.

8. Imirirani ndi kusunga liwiro

Ikani zikhatho pabolodi pafupi ndi nthiti, osati kugwira m'mphepete. Dzutsani thupi ndi kubweretsa mapazi onse pansi panu kamodzi, phazi lakutsogolo lifike pakati pa pamene panali manja. Maso ayang'ane kumene mukupita. Pindani mawondo, msana ukhale wowongoka.

Pa funde lopanda mphamvu, kupita molunjika kugombe kumathetsa ulendo m'masekondi ochepa. Khoterani m'mbali nthawi yomweyo, ndipo khalani cha pamwamba pa funde, pafupi ndi pamene likusweka, chifukwa mphamvu yake yochepayo ili pamenepo. Bolodi likayamba kuchedwa, sunthirani kutsogolo ndi phazi limodzi kapena awiri. Mukaona kuti mwalisiya funde kumbuyo, bwererani kumchira, dinani ndi phazi lakumbuyo, n'kukhotera kuthovu. Bolodi lalitali limakhota mukaima kumchira, ndipo limathamanga mukaima pakati kapena kutsogolo. Kuyesa kulikhotetsa muli pakati kumangomiza m'mphepete mwake n'kukugwetsani.

Musalidumphedumphe bolodi pofuna liwiro. Pa bolodi lalitali kuchita zimenezi kumalichedwetsa. Yendani mofewa, phazi lina likudutsa linzake, m'malo mokhwekhwereza.

9. Igwani bwino, ndipo dziwani madzi okokera kunyanja

Ngozi yaikulu ya mafunde aang'ono ndi kusaya kwa madzi. Kumbukirani masentimita 80 aja. Musadumphe chamutu, chifukwa khosi limathyoka ngakhale pamchenga. Musadumphenso ndi miyendo yowongoka, chifukwa akakolo ndi mawondo amabinya. Igwani chagada kapena cham'mbali, thupi lonse litatambasuka, kutali ndi bolodi. Potuluka m'madzi phimbani mutu ndi mikono, chifukwa chingwe chimabweza bolodi mwamphamvu. Pamatanthwe musayese kuima. Yandamani, kokani bolodi, kweranipo. Siyani funde lisanakufikitseni posaya kwambiri, kuti chipsepse chisagunde pansi.

Madzi amene mafunde akankhira kugombe amabwerera kunyanja kudzera m'ngalande. Malo amenewa amaoneka akuda, abata, opanda mafunde osweka, ndipo nthawi zina mumaoneka mchenga kapena zinyalala zikupita kunyanja. Amakhalapo ngakhale tsiku la mafunde aang'ono, makamaka pafupi ndi miyala ndiponso madzi akamaphwa. Akakutengani, musasiye bolodi ndipo musalimbane nawo molunjika. Palasani motsatira gombe mpaka mufike pamene mafunde akusweka, kenako thovu likubwezeni. Mukatopa, kwezani dzanja m'mwamba kuti akuoneni.

10. Lemekezani anzanu m'madzi

Nyengo yotentha imabweretsa anthu ambiri pa mafunde ochepa, ndipo mikangano imayambira pamenepa. Funde ndi la munthu amene ali pafupi kwambiri ndi pamene layambira kusweka. Musanaimirire yang'anani mbali imeneyo, ndipo ngati wina wakwera kale, lisiyeni. Pobwerera kunyanja zungulirani m'mbali. Ngati wina akubwera pa funde ndipo mulibe kothawira, lowerani kuthovu, mumusiyire mbali yosalala. Musataye bolodi funde likamabwera: bolodi la mafiti 9 ndi chingwe cha mafiti 9 zimafika munthu amene ali mamita oposa 5 kumbuyo kwanu.

Bolodi lalikulu limakupatsani mwayi wogwira funde lililonse anzanu asanaliyandikire, ndipo m'pofunika kudziletsa. Mukakwera limodzi, dikirani ena akwereko. Anthu a pachilumbapo amasewera pamenepo chaka chonse, choncho apatseni moni, yambirani cham'mbali, ndipo mukalakwitsa pepesani nthawi yomweyo.

11. Samalani thupi ndi bolodi

Pakani mafuta oteteza ku dzuwa mphindi 20 musanalowe m'madzi, ndipo bwerezani pakatha maola awiri kapena mukangotuluka. Malo amene amaiwalika ndi kumbuyo kwa miyendo, khosi, makutu ndi mapazi, chonsecho pogona pabolodi ndi amene amayang'ana dzuwa. Sambani m'manja mukapaka kuti bolodi lisaterere. Ku Hawaii, kuyambira mu 2021, n'koletsedwa kugulitsa mafuta okhala ndi oxybenzone kapena octinoxate pofuna kuteteza zamoyo za m'matanthwe a m'nyanja, choncho werengani zolembedwa pabotolo. Masiku awiri oyamba musapitirire ola limodzi ndi theka nthawi imodzi. Imwani madzi musanalowe ndi mukatuluka.

Bala la pamatanthwe, ngakhale laling'ono, litsukeni tsiku lomwelo ndi madzi oyera ndi sopo, chotsani tizidutswa tonse, pakani mankhwala n'kuliphimba. Likayamba kufiira mofalikira, kutupa, kapena mukamva kutentha thupi, pitani kuchipatala. Mukaponda kanyama kaminga ka pamatanthwe, viikani phazi m'madzi otentha amene khungu lingapirire, zulani minga yotuluka mosavuta, ndipo yolowa pafupi ndi mfundo za mafupa musiyire dokotala. Kum'mwera kwa Oahu, box jellyfish, zamoyo za m'nyanja zofewa zimene zimawotcha khungu, zimafika kugombe patapita masiku 8 mpaka 10 mwezi utakhala wathunthu, ndipo pagombe pamaikidwa zikwangwani. Ikakuwotchani thirani vinigala, osakwecha. Mvula yamphamvu ikagwa, pewani malo amene mitsinje imathirira m'nyanja kwa masiku atatu.

Bolodi musalisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Kutentha kumasungunula phula ndi kufufumitsa khungu la bolodi. Likang'aluka tulukani nalo m'madzi, liume kaye tsiku lathunthu, kwechani ndi sandipepala, n'kupaka guluu muli pamthunzi musanaliike padzuwa kuti aume. Funsani mtundu wa bolodi musanapake: guluu wa polyester amasungunula siponji ya m'kati mwa mabolodi a epoxy, pamene guluu wa epoxy amagwira pa mitundu yonse iwiri.

12. Tsiku limene nyanja yagona

Musanagonje, onani mbali ina ya chilumba, chifukwa gombe lina likhoza kukhala ndi mafunde pamene lanu lili bata. Bwereraninso madzi akasintha pakatha maola atatu. Ngati palibedi kanthu, palasani mphindi 30 motsatira gombe, yesererani kutembenuza bolodi muli chikhalire, kapena valani magalasi a m'madzi mukaone mmene pansi palili pamalo amene mumasewera.

Zolakwika zofala

*Kunyamula bolodi laling'ono chifukwa cha manyazi.* Ena amaona ngati bolodi lalikulu ndi la ophunzira. Zotsatira zake amakwera mafunde awiri pa ola pamene mnzawo wa longboard wakwera 15. Kuphunzira kumadalira kuchuluka kwa mafunde amene mwaimapo.

*Kudikirira kutali kwambiri.* Amene anazolowera mafunde aakulu amakhala kunja poyembekeza funde limene silibwera tsiku limenelo. Ngati mafunde atatu otsatizana akudutsani osakutengani ngakhale mwapalasa bwino, sunthirani kugombe mamita 5.

*Kulowa m'madzi masana.* Pofika 11 koloko mphepo imakhala itayamba, dzuwa lili paliwombo, ndipo gombe ladzaza.

*Kusunga ola limodzimodzi sabata yonse.* Ngati Lolemba madzi anali bwino 6 koloko m'mawa, pofika Lachisanu mlingo womwewo udzafika cha m'ma 9 koloko. Onani tebulo la kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja madzulo alionse.

*Kupalasira funde lililonse.* Mapewa amatha gulu labwino lisanafike. Siyani mafunde amene akuoneka ngati mzere wowongoka wofanana msinkhu kuchokera uku mpaka uko, chifukwa amasweka onse kamodzi. Sankhani okhala ndi nsonga pamalo amodzi ndi phewa lotsika pang'onopang'ono.

*Kuvula chingwe poti mafunde ndi aang'ono.* Bolodi lothawa limapita ndi thovu mpaka posaya, pamene pamakhala ana ndi osambira.

*Kuiwala kuti phula ndi mchere zimasupula khungu.* Tsiku loyamba losewera opanda malaya limasiya zilonda pachifuwa, pamimba ndi m'kati mwa ntchafu, ndipo m'madzi amchere zilondazo sizipola msanga. Valani malaya a m'madzi kuyambira tsiku loyamba, ndipo pakani mafuta oletsa kukhuzana m'khwapa ndi m'ntchafu musanalowe.